Woona saomba, woomba saona

Ndiyambe ndi tchimo laling'ono, poti lalikulu ndinalizindikira mochedwa. Dzanja langa lamanja ndikalitambasula, kuchokera kunsonga ya chala chachikulu kukafika kunsonga ya kachala komaliza, limakwana mainchi 8 ndendende. Ndinaliyeza ndekha ndili ku Joni, ndipo kwa zaka ziwiri ndinkabera nalo alamu anga patebulo la masewera, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kuno kwa Mlolo m'Zambia. Lamulo la masewerawo limakana kuyeza mtunda usanatchule amene ukumuombera. Uyambe watchula, kenako utenge tepi, ndipo ukapeza kuti mdani ali patali kuposa pofika mfuti yako, chipolopolo chalowa m'madzi. Ine ndinkangotsamira patebulo ngati munthu wodwala msana, dzanja lili tambasu pakati pa asilikali anga ndi awo. Kamodzi, kawiri, katatu: mainchi 24, pomwe imathera mfuti ya msilikali wamba. Ndikaweramuka ndinkati, "Kaya chifika kaya sichifika, alamu, tingoyesa mwayi."

Ambiri mwa inu masewerawa simunawaonepo. Si nsolo, si dirafuti, komanso si za pafoni. Ndi nkhondo ya tizidole. Aliyense amakhala ndi tiasilikali take ta pulasitiki kapena ta chitsulo, kamodzi kutalika mamilimita 28, kosakwana ndi chala chomwe. Tebulo limakhala mafiti 6 m'litali ndi 4 m'lifupi, ndipo pamwamba pake mumamangapo dziko: timapiri, timitengo, tinyumba, kamtsinje. Kuyenda kwa msilikali mumayeza ndi tepi, kulasa kapena kuphonya amagamula ndi madayisi. Amene ndinaphunzira ine amatchedwa Bolt Action, a kampani ya Warlord Games ya ku Nottingham, olembedwa ndi Alessio Cavatore ndi Rick Priestley. Anatuluka mu 2012, ndipo nkhondo yake ndi yachiwiri ya dziko lonse. Madayisi a anthu onse awiri mumawaika m'thumba limodzi n'kumatulutsa limodzilimodzi osayang'ana. Mwini dayisi limene latuluka ndiye amasuntha gulu lake limodzi. Thumba likatha, ndime yatha, ndipo nkhondo yonse imatenga ndime 6, mwina 7.

Ku Joni ndinapita monga amapitira anyamata ambiri a kuno: kutulukira pachipata cha Chanida, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako Nyamapanda ndi Beitbridge. Ntchito yanga inali yopenta nyumba. Tsiku lina mwini nyumba ina anandipeza ndikukonza maluwa osemedwa pachitseko ndi kaburashi, n'kundifunsa ngati ndingathe kupenta nkhope yochepa ngati njere ya mapira. Anandipatsa tiasilikali khumi toyesera. Manja amene anakulira kudambo akuumba ng'ombe za dothi, ng'ombe zenizeni zikutha mmera wa eni ake, sanavutike nazo. Posakhalitsa anzake anayamba kutumiza zawo, kulipira pamutu pamutu, ndipo Loweruka ankanditenga kusitolo ina kumene azibambo akuluakulu, ena aimvi, ankakhala chiweramire kuzungulira matebulo ngati ataya singano. Poyamba ndinkawaseka chamumtima. Mwezi wachitatu usanathe ndinali nditawerama nawo.

Ntchito zitauma mu 2020 ndi mliri wa korona, ndinabwerera. Anzanga ankafika ndi mabulangete ndi mawailesi. Ine ndinafika ndi makatoni awiri a nsapato odzaza tiasilikali, ndi buku la malamulo losindikizidwa mu 2016. Mkazi wanga anatsegula katoni imodzi, kuyang'anamo, n'kutsekanso bwinobwino. Mpaka lero sanandiuze zimene anaganiza.

Dziwani kuti pano ndine mkamwini. Munda umene ndimalima, mtengo wa mango uja, ngakhale zitseko ziwiri zakale zimene ndinasanjika panjerwa kuti zikhale tebulo, zonse ndi za kuchikazi. Mapiri ndinaumba ndi dothi la pachulu, mitengo ndinapanga ndi tizitsotso ndi siponji ya matiresi otha. Nyumba zimene zili m'buku ndi zamiyala za ku Ulaya, ndipo ine ndinalibe. Ana a pamudzi anati atithandiza. Anaumba zimene amadziwa: nyumba zofolera ndi udzu, nkhokwe, khola la mbuzi, chitsime. Mosazindikira, tebulo linasanduka mudzi wathu womwe, asilikali a Britain ndi a Germany akuthamangitsana pakati pa nkhokwe. Ine ndinkangonyadira luso la anawo.

Lamulo loyamba limene ndinaphunzitsa alamu, mchimwene wa mkazi wanga amene ndi mphunzitsi, ndi la maso. Msilikali saombera chimene sakuchiona. Kuti udziwe chimene kasilikali kakuona, umawerama mpaka tsaya kugunda tebulo, diso lako kuseri kwa mutu wake. Phiri likatchinga, palibe kuombera. Nkhalango yowirira nayo ili ndi mwambo wake: amene ali m'kati mwake umamuona, koma amene ali kuseri kwake, ayi. Ku Joni ena ankaunika ndi kanyali ka laser, ife tinkakoka ulusi. Lamulo lapafupi, koma milandu yonse imabadwira pamenepo. Akuluakulu amati maso alibe mpanda, koma ine ndaona maso okhala ndi mpanda wotsekuka mbali imodzi. Woombera amaona chigongono, wobisala amalumbira pali amake kuti ndi tsamba.

Tsono woweruza milanduyo ndinali ine ndemwe. Buku linali lachingerezi, linkagona m'sutikesi yanga, ndipo malamulo ankatuluka pakamwa panga malinga ndi mmene nkhondo ikuyendera. Pambuyo pake ndinadzawerenga za Georg von Reisswitz, msilikali wa mizinga wa ku Prussia amene mu 1824 anapereka kwa akuluakulu ake masewera otchedwa Kriegsspiel, kholo la masewera onsewa. Iye anaika munthu wachitatu wosasewera nawo. Munthu ameneyo yekha ndiye ankadziwa pamene pali asilikali a mbali zonse ziwiri, ndipo ankaonetsa wosewera zokhazo zimene anthu ake angathe kuona. Zaka 200 zapitazo munthu anadziwa kale kuti wosewera mpira sangakhalenso woyimbira. Ine ndinkadziwa osawerenga n'komwe. Ndinkangokonda kupambana.

Pamene ndinkadyera kwambiri ndi pa malamulo a mizinga, ndipo apa mundilole ndichedwepo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mfuti imafuna maso, koma mzinga waung'ono wotchedwa mortar umaponya bomba m'mwamba kuti likagwe kuseri kwa phiri. Oomba ake safunika kuona mdani, bola pakhale mnzawo wina, woloza, amene akumuona. Ulendo woyamba dayisi liyenera kugwa pa 6 kuti bomba lilase. Ukaphonya, mdani n'kukhala pomwepo osasuntha, ndime yotsatira 5 akwanira, kenako 4, kutsika choncho, ndipo ukangolasa kamodzi, kuyambira pamenepo 2 yekha akwanira. Ndiye kuti oombawo akuphunzira mtunda, woloza akuwakonza.

Palinso china choposa apo. Ukhoza kukhala ndi kapitawo mmodzi wa magalasi oonera patali ndi wailesi, amene amaitana mizinga ikuluikulu. Mizingayo siikhala patebulo n'komwe, mumangogwirizana kuti ili kutali. Kapitawoyo amasankha malo amene akuwaona, mumaikapo chizindikiro, ife tinkaika chitsekerero cha botolo, n'kudikira. Ndime ikamayamba mumaponya dayisi. Likagwa pa 1, a mizinga asokoneza masamu ndipo mabomba agwera pena. Pa 2 kapena 3, achedwa. Kuyambira 4 mpaka 6, yatsika. Mumaponyanso dayisi, kuphatikizapo mainchi 6, n'kuzunguliza ulusi wotalika choncho kuchokera pachitsekerero. Gulu lililonse limene lapezeka m'kati mwa ulusiwo liona zakuda, la mdani ndi lako lomwe. Buku limanena zimenezi mosabisa. Koma mawu akuti "ndi lako lomwe" ine ndinkawakumbukira asilikali a alamu akakhala pafupi ndi mabomba awo. Akakhala anga, ndinkati iwo anachenjezedwa kale pawailesi.

Tinayamba kubetcha botolo la maheu, tinadzafika pa K50. Tsiku lina nditapita ku Katete kukagulitsa soya, alamu anapempha bukulo kwa mlongo wawo, ati akalikutire ndi pulasitiki. Munthu wophunzitsa Chingerezi sabata yonse, buku la masewera lingamuvute? Nditabwerako ndinapeza tebulo ataliyala kale, anyamata atakhala chete modabwitsa, buku lili chitsegukire.

"Alamu, tawerengani apa mokweza. Ife maso atha ndi choko."

Ndinawerenga. Anatsegula tsamba lina, ndinawerenganso. Kenako mwana wina wa giredi 7 anati dzanja la amalume limayenda patebulo ngati nkhanu. Alamu anandigwira dzanja mofatsa, monga agwirira mwana wophunzira kulemba, n'kulitambasula patepi. Mainchi 8. Anyamata anaseka mpaka kugubuduka, koma alamu sanaseke, ndipo chilamu chathu chija chonyozana ndi kutukwanizana mosangalala chinazima tsiku limenelo. Ndalama ndinabweza zonse zimene ndinakumbukira. Anazilandira, kuwerenga pamaso panga, n'kuika m'thumba. Akanazikana zikanandipwetekako pang'ono. Usiku mkazi wanga anangoti, "Mwabera mlongo wanga chifukwa cha zidole, pabwalo pa amayi anga." Mawu aja akuti mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka ndinkawayesa mwano wa akuchikazi. Usiku umenewo ndinadzimva kuterera.

Panapita miyezi iwiri tebulo lili kukhoma. Titakolola, alamu anabwera okha n'kunena kuti tiyambenso, koma buku lizikhala poyera, manja azikhala kumbuyo poganiza, ndipo woweruza akhale mtsikana wina wa giredi 9 amene saopa munthu. Ndinavomera, ndipo ndinasunga pangano. Ndinkadziona ngati munthu wolapa amene watsala n'kulandira mgonero.

Linali Lamlungu, mu Seputembala 2023, anthu atangobwerako ku Kulamba ku Mkaika, dzuwa litayamba kuluma. Alamu anabisa gulu la asilikali khumi pakati pa tinyumba. Sabata imeneyo mwana wanga wamkazi, wa zaka 7, anali ataumba eni mudziwo: mayi akusinja, nkhalamba itakhala pakhonde, ana awiri pachitsime, mbuzi zitatu. Anawaika yekha n'kutichenjeza kuti wowaswa alipira. Kapitawo wanga wa magalasi anali paphiri. Ndinawerama, tsaya patebulo. Pakati pa nkhokwe ndi khola pankaoneka kabwalo ka mudzi ndi chisoti chimodzi. Ulusi unavomera, woweruza anavomera, alamu anavomera. Tsiku limenelo sindinabe kalikonse, ndipo chimenechi muchisunge.

Ndinaika chitsekerero pakabwalopo. Ndime yotsatira dayisi linati 3, mizinga yachedwa. Alamu anayesa kutulutsa anthu awo, koma mfuti zanga zinali zitawapanikiza, anakana kudzuka. Ndime inayo linati 5. Ndinaponyanso: 4, kuphatikiza 6, mainchi 10. Ulusi utazungulira, mudzi wonse unali m'kati, kuyambira kuchitsime mpaka kukhola.

"Mvula!" ndinakuwa, monga ndinkachitira nthawi zonse. Anyamata anaomba m'manja. Mwana wanga anandikoka malaya.

"Atate, nanga amayi akusinjawo?"

"Amenewo sawerengedwa, mwanawe. M'buku mulibe."

Ndinanena zoona. M'nkhondo zimene tinkasewera, buku limawerenga asilikali, akasinja ndi mizinga. Nyumba ndi chobisalira basi.

Apongozi anga aamuna anali pakhonde akusema mpini, mapazi khumi kuchokera patebulo. Zaka zonsezo anali asanayandikirepo. Tinangoona aimirira, akubwera. Ndinatsika panjerwa n'kunjuta, anyamata anapatuka.

"Akamwini, uyu ali yekha paphiriyu, ntchito yake n'chiyani?"

"Amaona, bambo. Akaona amauza a mizinga pawailesi."

"Mizingayo ili pati?"

"Siili patebulo pano. Timangoti ili kutali, kuseri."

"Ndiye kuti oombawo mudziwu sakuuona."

"Sakuuona."

"Woonayunso sakuomba."

"Sakuomba, bambo."

Anayang'ana phiri lija nthawi yaitali. Kenako anafunsa ngati bomba loyamba limagwa pomwepo. Ine, chitsiru, ndinakondwa kuti apongozi achita chidwi, n'kuyamba kufotokoza za mortar: loyamba kawirikawiri limaphonya, woloza amakonza, lachiwiri limayandikira.

"Lachitatu," iwo anatero. Silinali funso. "Amene anapanga masewerawa amadziwa."

Analowa m'nyumba, mpini n'kutsala pakhonde. Madzulo nsima yawo inabwerera yosanyema.

Zimene aliyense ankadziwa za apongozi n'zochepa. Anachokera kutsidya, cha ku Chifunde m'chigawo cha Tete, nthawi ya nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu ambiri anawoloka zaka zimenezo. Ena anawatengera kumsasa wa Ukwimi ku Petauke, umene unatsegulidwa mu 1987, ena anangolowa m'midzi ya abale, poti malirewa anadula pakati pa mbumba zolankhula chinenero chimodzi ndi zolambira Gawa Undi mmodzi. Nkhondoyo inadzatayikiranso mbali yathu ino, ndipo akuluakulu a kuno amakumbukira kugona kutchire. Mtendere utabwera ambiri anabwerera. Apongozi anakwatira pano, n'kukhala mkamwini ngati ine, ndipo kwawo sanapondekonso, ngakhale pamaliro, chonsecho ndi ulendo wa njinga.

Patapita masiku atatu anatuma mwana kuti ndikawathandize kumanga mpanda kudimba. Munthu ndi apongozi ake sayang'anizana, koma pampanda mumaima mbali imodzi, maso ali pa luzi, ndipo mwina n'chifukwa chake anasankha ntchito imeneyo. Anayamba osandichenjeza.

Anali mnyamata, ndevu zisanakhwime. M'mawa wina anthu amfuti anawapeza kumunda. Mbali yawo sanaitchule, inenso sindinafunse. Ankafuna kudziwa ngati m'dera limenelo munagona amfuti ena. Iwo anali atawaona dzulo lake madzulo kumudzi kwa azakhali awo, akudya nsima yolamula ndi mfuti. Anayamba akana, khofi lachiwiri anavomera. Anawakweza phiri. Pamwamba panali wina wa magalasi ndi wailesi.

"Anati, loza. Ndinaloza." Anamanga luzi, kulikoka, kulidula. "Pamene tinaima paja, akamwini, pankaoneka madenga okha ndi utsi wa m'mawa. Munthu sankaoneka ngakhale mmodzi. Kuseri kwathu kunamveka ngati munsi wagwera mumtondo wopanda kanthu. Kenako zii. Ndinayesa chakanika. Loyamba linagwa m'munda wa mapira. Wa wailesi analankhula. Lachiwiri linagwa kumtsinje. Analankhulanso."

Pambuyo pa lachitatu anasiya kuwerenga. Amene ankafunidwawo anali atachoka tambala asanalire. Dzuwa lili pamutu anawamasula, n'kuwapatsa ndudu ziwiri. Kumudzi kuja sanatsikireko. Anayenda usiku uwiri mpaka kulowa m'Zambia, ndipo amene anawoloka pambuyo ndiwo anawauza mayina. Anati mayinawo ndi asanu, limodzi la azakhali. Enawo sanawatchule.

"Zaka zonsezi ndimadziuza kuti ine sindinaombe. Amene anaombayo nayenso amadziuza kuti sanaone. Mwina ali moyo, akuthirira dimba lake ngati ine."

Ndinati, "Pepani, bambo."

"Mwalakwa chiyani inu? Gwirani mtengowo uwongoke."

Ndinaugwira. Koma funso lawolo yankho lake ndinali nalo. Kubera alamu kunali kuba, ndipo kuba kuli ndi mtengo wake, umabweza. Ili linali lina. Ndinayang'ana mwana wanga m'maso n'kumuuza kuti mayi wosinja sawerengedwa, pamaso pa munthu amene wakhala akuwerenga mayina asanu kuyambira ndisanabadwe. Ndipo sikunali kuterereka kwa lilime kwa tsiku limodzi. Zaka zitatu, Lamlungu lililonse, ndinkakuwa "Mvula!" pafupi ndi khonde lawo. Ndinaphunzira kuwerama kuti ndione zimene kachidole kakuona, koma sindinatembenukepo kuona chifukwa chimene nkhalamba imasiyira kusema ulusi ukayamba kuzungulira. Alamu akuti iwo anazionapo kangapo, n'kumayesa kuti phokoso ndilo likuwasowetsa mtendere.

Tisanachoke kudimba anandipatsa katundu amene sindinamuyembekezere. Anati ndikawauze ana awo, iwo sangathe. Anatinso ndikafuna kulemba ndilembe, koma dzina lawo ndi la mudzi uja zikhale. Motero mkamwini wakuba uja ndiye anakhazika pansi mkazi wake ndi alamu ake n'kuwauza za bambo awo. Za usiku umenewo sindilemba.

Ndinafuna kutentha makatoni onse awiri. Amene anandiletsa ndi alamu, ndipo anandiletsa mwauphunzitsi, ndi mapepala m'manja. Anandionetsa kuti zimenezi si zakutsidya zokha. Mu 1969, Apwitikizi akulimbana ndi Frelimo imene inali itayambitsanso nkhondo m'Tete chaka cha 1968, asilikali awo anaphulitsa mudzi wa Lote m'boma la Katete, moyandikana nafe pompano, ndipo anthu wamba anafa. Boma la Kenneth Kaunda linakadandaula ku United Nations, ndipo pa 28 Julaye chaka chomwecho Bungwe la Chitetezo linapereka chigamulo nambala 268 chodzudzula Portugal. Ndinakulira pamphuno pa mudzi umenewo osaumvapo, koma ndinkatha kutchula midzi ya ku Normandy. Anandiwerengeranso gawo 51 la pangano loonjezera la mu 1977 pa Mapangano a ku Geneva, limene limaletsa kutenga mudzi kapena mzinda wonse ngati chandamale chimodzi chifukwa choti muli asilikali apa ndi apo. Ndiye anati, "Alamu, buku lanu likusowa tsamba. Kulitentha sikulemba tsambalo."

Anatchulanso H. G. Wells, amene mu 1913 anatulutsa buku la masewera otere lotchedwa Little Wars, momwe timizinga tachidole tinkaponyadi timitengo n'kugwetsa tiasilikali. Wells ankayembekeza kuti wosewera nkhondo yaing'ono azindikira kupusa kwa yaikulu. Chaka chotsatira yaikuluyo inayamba. Mfundo imeneyi alamu anaitchula pofuna kundilimbikitsa, koma ine ndinaona ngati ikuwatsutsa.

Tinagula kope n'kuyamba kulemba malamulo athu m'Chichewa. Loyamba: munthu wadothi aliyense wopezeka m'kati mwa ulusi amuponyere dayisi ngati msilikali, ndipo akafa, woitana mizinga ataye mapointi a gulu lathunthu. Lamlungu loyamba palibe amene anaitana mizinga, ndipo ndinagona mokhutira. Lachiwiri anyamata anatulukira nzeru. Ndime yoyamba yomwe, aliyense ankathamangitsira asilikali ake kumudzi n'kuwaimika mokhudzana ndi mayi wosinja uja. Palibe anawaphunzitsa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mwana wa zaka 12 amazidziwa zimenezo asanamve mwambiwo. Alamu anabwerera ku gawo 51 lomwe lija n'kupeza kuti limaletsanso kubisala kumbuyo kwa anthu wamba. Tinalemba lamulo lachiwiri, lolanga wobisala.

Pamenepo mikangano inachita kubala ana. Kuyandikira mudzi ndi mainchi angati, 3 kapena 6? Wongodutsa ndi wogona, mlandu wawo ndi umodzi? Wina akabisala mnzake n'kuomba, mapointi achotsedwe kwa yani, kapena kwa onse? Mtsikana woweruza uja ndiye anabweretsa funso limene linatikhalitsa chete. Anati kapitawo ali paphiri sangadziwe ngati m'nyumba muli anthu, poti amaona denga. Iye za kudimba sankazidziwa. Kuyambira pamenepo anthu adothi timawalowetsa m'nyumba masewera asanayambe, zina n'kukhala zopanda munthu, ndipo woweruza yekha ndiye amalemba papepala kuti ali muti. Asilikali a mdani nawonso akhoza kutuluka mobisa, woweruza n'kusunga chinsinsi. Ukaitana mizinga, madenga amavundukulidwa ulusi utazungulira kale. Tinabwerera kwa Reisswitz osafuna.

Ndisaname, masewera anachepa kukoma. Amachedwa, ndipo anyamata angapo anabwerera ku mpira ndi kumafoni. Kopelo lafika masamba 14, ofufutidwa kuposa olembedwa. Ine amene ndikulemba umboni uno nthawi zina ndimalakalaka masiku aja ulusi unkazungulira popanda kugunda mtima. Ndipo mwezi wathawu, nditapanikizidwa pa ndime yachisanu, ndinaitana mizinga pamudzi ndikudziwa bwino kuti mwina muli anthu. Ndinawerengera mapointi n'kuona kuti ngakhale afe awiri ndipambanabe. Munali mmodzi, nkhalamba ya pakhonde ija. Ndinapambana. Alamu anandipatsa dzanja, woweruza analemba, ndipo panalibe lamulo limene ndinaswa.

Apongozi sanabwererenso patebulo kudzaonera, koma tsiku lina ndikulongedza anaima pambali n'kunena kuti ndiwabwereke kamunthu ka paphiri kaja. Ndinakapereka ndi manja awiri. Anakatembenuzatembenuza, kuyang'ana magalasi amene ndinapenta ku Joni ndi kadontho koyera pagalasi lililonse.

"Mwamupenta bwino. Nanga womulozera ali kuti?"

Ndinati m'katoni simubwera munthu wotero. Anaitana mdzukulu wawo kuti awapatseko dothi. Anakhala pakhonde madzulo onse, zala zozolowera mipini zikulimbana ndi kanthu kochepa ngati nshawa. Chimene chinatuluka ndi kamnyamata kopanda nsapato, mutu waukulu kuposa thupi, mkono umodzi utatambasuka. Pouma mkonowo unathyoka, monga zimachitira nyanga za ng'ombe zadothi ukapanda kuikamo kamtengo. Mwana anathamangira guluu wanga, koma agogo ake anati ausiye.

Kamnyamatako timakaimika paphiri pambali pa kapitawo Lamlungu lililonse. Woweruza wafunsa kawiri kuti kakuyenda mainchi angati, ndipo kakaomberedwa mapointi ake ndi a yani. Tsamba lake m'kope likadali loyera.